Bajeti ikukula chaka ndi chaka, nanga bwanji usipa wathu ukuwolerabe pa thandala?

Amene bandulo yatsala pang'ono musade nkhawa, muno mulibe vidiyo, ndi mawu okhaokha. Koma ndi yaitali, ndiye pezani pokhala.

Lamlungu lapitali pa doko panabuka mkangano pa bawo. Mnzathu wina amati vuto la kuno ndi loti boma silitulutsa ndalama zokwanira, likanamathira zambiri bwenzi tonse tili pabwino. Wina, amene anakhalako ku tauni, amati ayi, boma likuwononga kale zambiri, lichepetse basi, anthu azidzichitira okha. Anakangana mpaka bawo inaiwalika. Ine ndinangokhala chete chifukwa panali akuluakulu, koma usiku tulo sindinatione bwino. Ndikuona ngati onse awiri akhudza choona, ndipo onse awiri aphonya. Ndiloleni ndiyambe ndi zimene ndinaona ndi maso angawa.

Mu Febuluwale wina posachedwapa, chilimira cha bambo anga chinapha usipa masiku atatu otsatizana, wambiri zedi, woti alovi amachita kuimba pobwera. Siginala wathu anali ngati mfumu. Koma kumwamba kunali kutatseka, mvula ya mvumbi tsiku lonse, dzuwa osaoneka. Amayi ogula anayanika pa thandala, usipa osauma. Ena anafutsa, nkhuni zonyowa. Tsiku lachiwiri fungo linayamba. Magalimoto amene amabwera kudzatenga nsomba sanafike chifukwa msewu wochokera ku tala unali phala lokhalokha, ndipo talayo nayonso inali maenje. Macheucheu atadziwa kuti tilibe kothawira, mtengo wa chigoba unagwa kufika pa theka, kenako kutsikanso. Wotsala tinagulitsa kwa munthu woweta nkhuku. Bambo sanalankhule zambiri, anangoti petulo wa masiku atatu aja tibweza bwanji. Tinabweza ndi katapila.

Tsono taganizani. Nsomba zinalipo. Anthu olimbikira analipo. Ogula ku Lilongwe, ku Kasungu, ku Mchinji analipo, ndiwo akuzifuna. Chimene chinasowa ndi msewu wodutsika, malo oumitsira nsomba mvula ikamagwa, ndi magetsi oti munthu n'kupanga ayisi. Zinthu zitatu zimenezi palibe msodzi mmodzi angadzipangire yekha, ngakhale atakhala ndi maboti khumi. Apa ndi pamene mnzathu wa "boma lichepetse" ndikusiyana naye.

Koma nayenso wa "boma lithire zambiri" amve izi. Bajeti ya 2024/25 inali pafupifupi K6 thililiyoni. Ya chaka chotsatira inadutsa K8 thililiyoni. Zaka khumi zapitazo thililiyoni imodzi yokha inali nkhani yodzidzimutsa pa wailesi. Ndalama zotuluka m'boma zakwera kambirimbiri. Kodi pa doko lanu pasintha chiyani molingana ndi kukwerako? Ine kwathu ndikuona kuti mtengo wa ukonde ndi umene wakwera molingana nako.

Chifukwa chake n'chakuti ndalama zambiri mwa izo boma silikhala nazo. Misonkho imene MRA imatolera siikwana, ndiye kotsalako limabwereka, makamaka m'mabanki a konkuno. Ndipo ngongole ili ndi mwana wake, chiwongoladzanja. Masiku ano pa K100 iliyonse ya m'bajeti, pafupifupi K25 kapena kuposera apo imapita kukalipira chiwongoladzanja chokha, osati kubweza ngongoleyo ayi, chiwongoladzanja basi. Ndalama imeneyo siimanga mlatho, siigula panado. Imachoka ku Capital Hill n'kulowa m'mabanki ndi m'matumba a amene anali nazo kale zobwereketsa. Ndi angati mwa anthu amenewo amakhala ku Nkhotakota kapena ku Makanjira?

Ndiye pali mbali ina imene imatiluma mwachindunji. Banki ikaona kuti boma likubwereka pa chiwongoladzanja chokwera, ndipo boma silithawa, ingavutikirenji ndi mnyamata wa pa doko amene akufuna injini ya boti, chikole chake ndi bwato? Chiwongoladzanja cha Reserve Bank chinafika pa 26 peresenti mu 2024, ndiye wamba ngati ife akapita ku banki amauzidwa zoposa pamenepo. Mapeto ake timathera ku banki m'khonde ndi kwa a katapila. Kunena kwina, boma likamabwereka kwambiri limakhala ngati trola yaikulu yolowa m'madzi osaya. Ikadutsa, wa bwato amapeza mwayera.

Onjezerani kugwa kwa kwacha. Mu Meyi 2022 inagwetsedwa ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti. Mlimi wa chinangwa mwina sanamve tsiku lomwelo. Ife tinamva m'mawa mwake, chifukwa ntchito yathu yonse ndi ya katundu wakunja: injini ya Yamaha, mapulagi, oyilo, petulo, ukonde, zingwe, mababu ndi mabatire a kauni. Chathu chenicheni ndi nkhafi ndi thukuta. Boma likamatulutsa ndalama zoposa zimene dziko likupanga, kwacha zimachuluka pamene katundu ndi madola sizikuchuluka, mitengo n'kumathamanga. Ndiye pempho loti "thirani zambiri" popanda kufunsa kuti zichokera kuti, ndi pempho loti ukonde ukwerenso.

Choncho kwa ine funso si kukula kwa mphika. Funso ndi lakuti chipande chikugawira mbale ziti.

Kuti muone kuti ndalama za boma zimadzutsadi dera, musapite kutali, onani Lilongwe. Agogo athu amaidziwa ngati katauni kakang'ono ka msika wa fodya ndi mtedza. Kamuzu atasamutsa likulu kuchoka ku Zomba mu 1975, ndalama za boma zinatsatira: maofesi, misewu, bwalo la ndege, nyumba za ogwira ntchito. Ogwira ntchito amafuna lendi, ndiwo, sukulu, matelala, amakanika. Aliyense wogulitsa chinachake anathamangirako. Lero ndi mzinda waukulu kuposa yonse m'dziko muno, pamene Zomba inatsala ikuwodzera pansi pa phiri, ikudalira yunivesite ndi asilikali, amenenso ndi ndalama za boma zomwezo. Palibe mgodi wa golide unapezeka ku Lilongwe. Chinapezeka ndi chisankho cha kumene ndalama zigwere.

Sindikudana ndi Lilongwe, achemwali anga ali komweko, ndipo nsomba zathu zimadyedwa komweko. Koma mukakwera basi kuchoka kuno, kugwedezeka mpaka msana kuwawa pa M5, n'kukafika mu mzinda n'kuona misewu ya mizere isanu ndi umodzi ndi milatho yodutsana m'mwamba, mtima umafunsa. Wa ku Lilongwe wapulumutsidwa mphindi makumi awiri za pa mzere wa magalimoto. Ife tikutaya katundu wathunthu. Kwacha imodzi yomweyo, ikanagwira ntchito yaikulu kuti?

M5 si kamsewu ka kumudzi. Ndi msewu umene umanyamula shuga wa ku Dwangwa, mpunga wa ku Nkhotakota, nsomba za madoko onse kuchokera ku Salima mpaka ku Nkhata Bay, komanso alendo oona nyanja amene timauzidwa kuti ndiwo abweretse madola. Unamangidwa nthawi ya Kamuzu, wopapatiza, milatho ina yodutsa galimoto imodzi. Madzi atasefukira ku Dwangwa kumayambiriro kwa 2024 unaduka, anthu kumawolokera pa mabwato pamalo pamene pamayenda malole. Ntchito yokonza inayambika kuchokera ku Kaphatenga kulowera ku Benga, inde, ndiyenera kunena chilungamo. Koma amene mumadutsamo mukudziwa liwiro lake.

Pali chinthu china chimene ambiri sitidziwa. Mu mtengo wa lita iliyonse ya petulo muli kamsonkho ka misewu, mulinso kamsonkho ka magetsi a kumidzi, aja a MAREP. Tsono injini ya boti imamwa petulo usiku wonse pa madzi, pamene palibe tala, palibe phula, palibe thiransifoma. Msodzi aliyense wa injini amalipira msewu tsiku lililonse akupita ku Mbenji kapena kulikonse kumene akukaponya. Sitikupempha chifundo ayi, anzanga. Tinalipira kale, ndipo tikulipirabe.

Tibwere pa nkhani imene ikwiyitse ena, ya feteleza. Sabuside inayamba mu 2005 nthawi ya Bingu, ndipo zaka zoyambirira chimanga chinachulukadi, zimenezo palibe angakane. Mu 2020 inasanduka AIP, chaka choyamba inadya pafupifupi K160 biliyoni, thumba likugulidwa pa K4,495. Kenako K7,500, kenako K15,000, olandira akuchepa chaka ndi chaka. Kwa zaka zonsezi mbali yaikulu ya ndalama za unduna wa zamalimidwe yakhala ikuthera pamenepo. Feteleza timagula kunja, ndiye madola amatuluka. Akathiridwa m'munda, mvula ikavuta, zathera pomwepo, chaka chamawa tiyambirenso. Ndipo kuno kwathu ambiri timadya kondowole, chinangwa sichidikira kuponi. Mpunga wa m'madambo umafuna madzi oyendetsedwa bwino kuposa china chilichonse. Ndondomeko imodzi ya dziko lonse, yopangidwa ndi maso a mlimi wa chimanga wa ku mtunda, ikafika ku nyanja imakhala ngati wakupatsa jekete la ubweya mu Okutobala. N'chifukwa chake makuponi ena amangogulitsidwa kwa mavenda, timadziwana.

Sindikunena kuti agogo a ku Ntchisi alandidwe thumba lawo. Ndikunena kuti mukanatapa kagawo kochepa chabe ka ndalama za chaka chimodzi n'kumanga pa madoko akuluakulu malo otsetsereka a simenti otsitsira nsomba, matenti oumitsira a dzuwa ngati aja mabungwe anayesa pa madoko ena, zimbudzi, mpopi ndi thiransifoma, zinthuzo zikanakhalapo mpaka lero, zikubweza ndalama chaka chilichonse. Nsomba imene sinawole ndi chimodzimodzi nsomba imene yaphedwa kawiri, ndipo nyanja siitaya kanthu. Pamene chambo chikusowa chonchi, njira yokhayo yopezera zambiri popanda kumaliza nyanja ndi kusiya kutaya zimene tapha kale.

Zimbudzi ndazitchula dala. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, yoopsa kuposa ina iliyonse m'mbiri yathu, ndipo maboma a m'mbali mwa nyanja anali m'gulu la okhudzidwa kwambiri. Kupatula maliro, amene sitingawaike mtengo, ogula anathawa madoko, malo ogona alendo anakhala opanda anthu. Mpopi umene sunamangidwe unatidyera ndalama zambiri kuposa mtengo wa mpopiwo. Ndiye tikamamva za mapaipi otenga madzi ku Salima kupita nawo ku Lilongwe, sitikukana, anthu amwe. Koma mudzi umene paipi ikudutsa nawonso uli ndi khosi.

Tsopano kwa mnzanga wa "boma lichepetse". Aise, ukudziwa chimene chimadulidwa boma likati lamanga lamba? Si chiwongoladzanja, chimenecho amalipira ngakhale kugwe chimvula. Si maulendo a akuluakulu, ngakhale amalengeza choncho. Chimayamba kudulidwa ndi chitukuko, ndipo pa chitukukopo chimayamba ndi cha kutali kumene atolankhani safika. Tinaziona pambuyo pa Cashgate mu 2013, mabiliyoni atabedwa ku Capital Hill, maiko otithandiza n'kuimitsa thandizo la bajeti. Amene anaba anali ku tauni, amene anasowa mankhwala anali kuno. Komanso usaiwale kuti malipiro a mphunzitsi, namwino ndi wapolisi wa pa boma pathu ndi ndalama za boma zimene zimafikadi kuno. Funsa mayi aliyense wogulitsa utaka kuti malonda amayenda liti, akuuza kuti kumapeto kwa mwezi. Mphunzitsi akalandira amagula nsomba, wa nsomba amalipira wa kabaza, wa kabaza amagula mpunga, ndalama imodzi kuzungulira kanayi kasanu isanachoke m'dera. Malipiro akachedwa sabata ziwiri, msika wonse umadwala. Ndalama yogulira galimoto ya bwana imatuluka m'dziko tsiku lomwelo osasiya fungo.

Ngakhale ngongole si zonse zoipa. Msewu wa Liwonde kupita ku Mangochi unakonzedwa ndi ndalama zochokera ku African Development Bank, chimodzimodzi wa Mzuzu kutsikira ku Nkhata Bay. Funsani anzathu a kumeneko mmene ulendo unafupikira, ndi mmene nsomba zaziwisi zimafikira ku Limbe kapena ku Mzuzu zikadali bwino. Bambo anga amati kubwereka kuti ugule ukonde ndi kubwereka kuti ugule mowa zonse ndi ngongole, koma usazitchule dzina limodzi. Vuto lathu ngati dziko n'lakuti tikubwereka kwambiri kuti tilipire zodya lero, ndi kulipira ngongole zakale.

Ndipo nyanjayi payokha ndi msewu umene Mulungu anatipatsa waulere, wopanda maenje, kuchokera ku Monkey Bay mpaka ku Chilumba. Ilala inayamba kuyenda mu 1951, agogo anga ali anyamata. Zaka zoposa 70, ikadali yomweyo imene anthu a ku Likoma ndi Chizumulu amaidikira ngati mvula. Pa madoko ambiri imaima patali, anthu ndi matumba a ufa kumatsikira m'timaboti, mwera ukuwomba. Chipoka ili ndi doko, ili ndi njanji pomwepo, malo oti bwenzi pali piringupiringu wa katundu. Pitani mukaone mmene palili zii. Izi sizikufuna nzeru zachilendo, zikufuna kuti wina polemba bajeti akumbukire kuti dziko lino lili ndi nyanja.

Chimene chandipangitsa kulemba lero kwenikweni ndi ichi. CDF, thumba lija la chitukuko cha m'dera la phungu, inali K100 miliyoni, kenako K200 miliyoni. Pa kampeni ya 2025 tinalonjezedwa K5 biliyoni pa dera lililonse chaka chilichonse. Madera alipo 229, ndiye mukawerengetsa zikudutsa K1 thililiyoni. Funso loyamba mwalidziwa kale: zichokera kuti? Ngati n'zobwerekanso m'mabanki omwewa, tidzalandira ndi dzanja lamanja n'kubweza ndi lamanzere pogula petulo. Koma tiyerekeze kuti zabwera, ngakhale theka lake. Aka kakhala koyamba kuti ndalama yooneka ifike pafupi ndi ife chonchi. Kuyambira 1998 pamene lamulo la maboma ang'onoang'ono linakhazikitsidwa, takhala tikumva za mphamvu ku anthu, koma makhonsolo amalandira nyenyeswa, mochedwanso. Tsono ndalama ikafika pa khonsolo, sitidzathanso kuloza chala ku Lilongwe kokha.

Ndipo apa ndiyenera kutembenuza chala. Tonse tikudziwa mmene K200 miliyoni ija imathera m'madera ambiri: kamlatho kamene kamagwa mvula yoyamba, chipinda cha sukulu chopanda denga, kontilakita amene ndi mlamu wa winawake. Ife achinyamata tinali kuti? Misonkhano ya VDC ndi ADC timati ndi ya madala. Ku BVC timapita pokhapokha ukonde wathu walandidwa. Koma pakabwera galimoto ya chipani ndi ma K2,000 ndi matisheti, timadzaza lole mpaka ena kulendewera. Munthu amene wakugula ndi K2,000 sangakuope pa nkhani ya K5 biliyoni. Ndiponso ife tomwe timapha tiana ta nsomba ndi maneti a udzudzu amene boma linagula kuti ana athu asadwale malungo. Imeneyonso ndi ndalama ya boma yolowa m'madzi, ndipo woiponya si nduna.

Komatu kuti anthu a kunyanja sitingathe kusunga dongosolo ndi bodza. Ku Mbenji, pansi pa a Senior Chief Makanjira a ku Salima, chilumba chimatsekedwa nyengo ya mvula chaka chilichonse kuyambira kalekale, popanda mowa, popanda njuga, ndipo wophwanya amathamangitsidwa. Palibe bajeti ya boma inapanga zimenezo. Ngati tingathe kulondera nsomba zili pansi pa madzi, tingalephere kulondera simenti ili pamtunda?

Ine maganizo anga ndi awa, mukhoza kutsutsa. Ndalama imeneyi ikabwera tisalole kuti imwazidwe ngati mchere, mudzi uliwonse kakinakake kuti aliyense asadandaule, mapeto ake palibe chooneka. Tikankhire zinthu ziwiri kapena zitatu zimene zimabala: msewu wochoka pa doko kukafika pa tala wodutsika chaka chonse, magetsi ofika pa doko penipeni osati kuthera pa tireding'i senta, ndi malo aukhondo otsitsira ndi kuumitsira nsomba okhala ndi madzi ndi zimbudzi. Magetsi ndi msewu zikakhalapo, makina a ayisi boma lisavutike nawo, alipo anthu a geni amene adzabweretsa okha, ngati mmene zigayo ndi mawotchelera zimatulukira paliponse pamene thiransifoma yafika. Boma likayamba kuyendetsa lokha fakitale ya ayisi, tonse tikudziwa kuti pakatha chaka idzakhala nyumba ya mileme. Ndipo chilichonse chomangidwa chikhale ndi chikwangwani: mtengo wake, dzina la kontilakita, tsiku lomaliza. Tili ndi mafoni, tijambule, titumizirane.

Wina anena kuti nanga sukulu, nanga chipatala. Zoona, ndipo mwana wa mlongo wanga amaphunzira pansi pa mtengo wa mango, sindikuyankhula ngati mlendo. Koma zimenezo zili ndi maunduna ake ndi bajeti zake, tiziwakakamiza amenewo. Tikatenga ndalama yokhayo imene ingatsegule chuma cha dera n'kumatsekera maenje a unduna uliwonse, zaka zisanu zidzatha tikadali pomwepa, usipa ukununkha mu Febuluwale.

Ndafunsa a mfumu ndipo avomera kuti Loweruka likubwerali, alovi akapuma cha m'ma 2 koloko masana, tikumane pansi pa mkuyu wa pa doko. Wapampando wa ADC wati abwera, khansala tamutumira uthenga, sanayankhe. Amayi ogula ndi kuyanika nsomba musatsale, inu ndi amene mumadziwa bwino kuchuluka kwa zimene zimatayika, ndipo tikufuna tilembe manambala enieni a pa doko pathu, osati ongopeka. Wina abwere ndi kope ndi cholembera. Amene muli ku Joni ndi ku tauni, tumizani maganizo anu pa gulu lino tidzawawerenga pamsonkhanopo. A madoko ena, tumizani uthengawu kwa anzanu, ndipo mutiuze ngati kwanu thiransifoma inafika.